Layson ndi Thumba la Mpunga Wosauma

Nkhotakota
2 Juni 2024

Okondedwa achemwali anga a Eva,

Ndiyambe ndi kukufunsani za moyo. Muli bwanji kumeneko ku Joni? Mwendo munkadandaula nawo uja unasiya kutupa? Tamva kuti kumeneko kwayamba kale kuzizira, ndiye muzivala zokwanira. Musamangotumiza majuzi kuno inu n'kumanjenjemera nokha.

Kuno tili bwino ndithu. Alamu anu a Tina anadwala chimfine sabata yatha koma achira, ndipo ana akupita kusukulu. Mwera wayamba msanga chaka chino, moti usipa wasowa pamsika. Mpunga wokha wachita bwino. Anthu ali mkati modula, ndipo kuchigayo kwathu munthu ukangodutsa umatuluka woyera ndi fumbi. Nthambi ya mango imene inkagogoda malata a nyumba yanu ija tinaidula.

Mwina mukudabwa kuti bwanji ndalemba kalata pamene foni ilipo. Mukundidziwa. Ndikangomva mawu anu, zonse zimene ndinakonza kunena zimathawa, ndimangotsala ndi eya achemwali, chabwino achemwali. Pepala limandidikira mpaka nditsirize. Kalatayi ndiipereka kwa a Joshua, amene akubwerera kumeneko Lachitatu pa basi.

Nkhani ndi ya mwana wanu Layson, ndi ntchito ija sanaipeze ku kopaletivi kwathu. Uthenga umene munatumiza kwa a Tina ndinaumva. Munati ngati malume wake wamutaya, mwanayo abwere ku Joni, mukamupezera pogwira. Mawu amenewo ndakhala nawo masiku anayi. Musanamuitane, ndikupempha kuti mumve mmene zinayendera, pamodzi ndi mbali imene ndinalakwa ine.

Tinkafuna munthu woyang'anira nkhokwe ya mpunga. Dzina la ntchitoyo limamveka laling'ono, koma chakudya cha mabanja mazana atatu chimadutsa m'manja mwa munthu ameneyo. Mlimi akabwera ndi thumba, woyang'anira amatapa njere za pansi, osati za pamwamba, n'kuluma. Youma imathyoka ndi kaphokoso. Yosauma imangomata m'mano. Tili ndi kamakina koyezera chinyezi, koma mabatire ake amatha pa tsiku limene ukukafunitsitsa, ndiye timadalira dzino.

Thumba limodzi losauma likalowa pakati pa anzake limatentha, limachita chuku, n'kuwononga onse oyandikana nalo. Zaka ziwiri zapitazo tinataya matumba oposa zana. Amene ankagwira ntchitoyi nthawi imeneyo sanali wakuba ayi. Ankangolephera kukaniza abale ake ndi akuluakulu a m'mudzi. Wogula wa ku Lilongwe anatsegula matumba atatu okha, n'kubwerera ndi lole yopanda kanthu. Amene anaima pamaso pa alimi kufotokoza zimenezo ndinali ine, monga manijala. Mpaka lero ndimakumbukira mmene ankandiyang'anira.

Mutandiimbira mu Epulo munati, Edmund, mwanayu bambo ake kulibe, mbumba ndi yako, ntchito yatuluka pakhomo pako penipeni. Ine ndinayankha kuti musadandaule, ndiona. Ndinkadziwa kuti inu mumva ngati lonjezo. Ndinkadziwanso kuti sindinalonjeze kanthu. Ndinasankha mawu amene akanandisiyira pothawira, ndipo kumeneko ndiye kulakwa kwanga koyamba.

Makalata ofunsira ntchito anabwera makumi asanu ndi limodzi. Achemwali, mukanawaona mukanaseka, kenako n'kumva chisoni. Pa chidziwitso tinalemba kuti aliyense atchule anthu awiri amene anamuonapo akugwira ntchito. Ambiri analemba amayi awo ndi abusa awo. Wina anatumiza chithunzi ataima pafupi ndi galimoto ya eni ake. Wina analemba masamba anayi a mavuto a kwawo, osatchulapo ngakhale kamodzi chimene amatha kuchita. Oposa theka anagwa pomwepo. Sukulu anali nayo, koma sanawerenge zimene tinapempha.

Kalata ya Layson inali yolembedwa bwino pa kompyuta. Koma ndime yoyamba inkanena kuti kuyambira ali mwana wakhala akulakalaka kugwira ntchito ku banki yathu. Anangotenga imene anatumiza kwina chaka chatha n'kusintha tsiku. Ikanakhala ya mwana wa munthu wina ndikanaiika pa mulu wa zokanidwa. Ndinaipinda, ndinaiika m'thumba la malaya, ndinamupatsa kuti akalembenso. Kumeneko ndi kulakwa kwanga kwachiwiri. Ndinamuphunzitsa ndekha kuti kwa amalume zinthu zimakonzedwa kuseri.

Tinaitana anthu asanu ku intaviyu pa 9 Meyi. Oweruza anali awiri: bambo Yasini, wapampando wa komiti yathu, ndi mayi Enelesi, mlimi wachikulire amene wakhala m'komiti kuyambira pachiyambi. Ndinawauza onse awiri kuti mmodzi mwa asanuwo ndi mwana wa mlongo wanga. Bambo Yasini anati palibe vuto, ndikhale nawo n'kumalemba zimene zikuyankhulidwa, koma malikisi ndisapereke.

M'mawa umenewo ndikulowa pageti, asanuwo anali atakhala pa benchi panja pa ofesi. Layson anaimirira, atavala suti yotuwa imene munamutumizira ija, n'kundipatsa moni mokweza kuti amalume mwadzuka bwanji, azakhali adzuka bwanji. Anzakewo anayang'anizana. Mnyamata wina ananena motsitsa, koma ndinamva, kuti tiyeni tizipita anzanga, mpunga uwu uli ndi mwini wake kale. Ndinangodutsa nditazolika.

M'chipindamo Layson anachita bwino, ndisakunamizeni. Chingerezi chake chinali chosalala kuposa cha onse. Dipuloma yake inali pamwamba pa mapepala a anzake. Za kompyuta anayankha mosajejema. Ndinamva kunyada, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina apambana yekha, ine n'kupulumuka.

Kenako bambo Yasini anafunsa funso limene amalikonda. Anati, tiuze tsiku lina pamene unalakwitsa ntchito, ndi chimene unachita pambuyo pake. Layson anaganiza pang'ono, namwetulira, n'kunena kuti sakukumbukira kuti analakwitsapo, chifukwa iye ndi munthu wosamala kwambiri. Bambo Yasini anangoti oho, n'kulemba.

Womaliza kulowa anali mtsikana wina dzina lake Aziza, mwana wa mayi wogulitsa nsomba zouma. Ali ndi satifiketi ya Fomu 4 ndi kakosi ka chaka chimodzi basi. Chingerezi chinkamuvuta, moti anapempha kuti ayankhe m'Chichewa. Pa funso lomwelo anafotokoza za tsiku limene amayi ake anamusiyira usipa pa thandala, iye n'kupita kukacheza, mvula n'kugwa. Usipa wonse unaola. Akuti anakawauza yekha amayi akewo asanaone, ndipo kuyambira pamenepo sayanika kanthu asanakonze choti avundikire nacho. Titamuonetsa kamakina ka chinyezi anati sanakagwirepo, koma tikamuonetsa kamodzi sitidzabwerezanso. Atatuluka, bambo Yasini anandinong'oneza kuti munthu amene sanalakwitsepo ndiye kuti sanagwirepo ntchito.

Chinatsala chinali mayeso a pa sikelo. Tinkawatenga mmodzimmodzi kupita nawo kuseri kwa nkhokwe, n'kuwauza kuti kwa mphindi khumi ntchito ndi yawo, alandire mpunga wa mlimi amene abwere. Mlimiyo anali mayi Enelesi. Anawo sankawadziwa, chifukwa m'chipinda muja sanalowemo. Anavala chitenje chakutha ndi mpango wong'ambika, ndipo m'thumba lawo munali mpunga wodula dzulo lake, wonyowa ndithu.

Awiri oyamba analandira osaluma n'komwe. Wachitatu analuma n'kukana, koma mwamwano. Anati agogo tengani zinyalala zanuzi, kuno si kudzala. Mayi Enelesi anaiwala kuti ndi sewero, anakwiya zenizeni, mpaka bambo Yasini anachita kuwagwira dzanja.

Layson atafika anawapatsa moni mwaulemu, anatapa njere za pansi monga zimafunikira, n'kuluma. Ndinaona nkhope yake ikusintha. Anadziwa, achemwali. Anayamba kunena kuti agogo, mpungawu ukuoneka ngati, koma mayi Enelesi anamudula. Anamufunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Atatchula dzina lanu ndi la malemu amayi athu, iwo anawomba m'manja. Anati, mdzukulu wa Laura! Ine ndi Laura tinkaimba limodzi kwaya usanabadwe, ndinamuperekeza mpaka kumanda. Ndipo sananame, amayi ankawadziwadi. Anati miyendo yawo yatha, kabaza anawasiya n'kupita, thumba limeneli sangabwerere nalo. Mdzukulu wa Laura angandibweze ine?

Layson anayang'ana thumba, anayang'ana iwo, kenako anayang'ana ine. Anati, chabwino agogo, kangokhala kamodzi aka, tikaika pakati pa ouma, palibe amene aone. Ndipo anandimwetulira, ngati tagwirizana.

Cholembera chinandigwa m'manja.

Aziza atafika anagwada powapatsa moni. Analuma njere kawiri. Anati, amayi, mpunga wanu ndi Kilombero wabwino, koma sunaume, ndikaulandira lero uwononga wanu ndi wa anzanu. Mayi Enelesi anayesa zonse. Anadandaula za miyendo, anakuwa, anati bambo ako ndikuwadziwa, ndikakunenera kuti ndiwe mwana wopanda mwambo. Koma mtsikanayo anati bambo anga akanakhala pano akanakuuzani zomwezi. Kenako anatembenukira kwa ife n'kufunsa kumene timasunga lona. Anaiyala yekha padzuwa, anakhuthula thumbalo, anasalaza ndi manja, n'kuwauza mayiwo kuti akhale pamthunzi, mawa masana aulandira woyamba.

Onse atapita tinakhala atatu mu ofesi. Bambo Yasini ankaonabe mapepala a Layson. Anati kopaletivi ikukula, tikufuna munthu wa kompyuta, ndipo za thumba zija mwana akhoza kuphunzitsidwa. Mayi Enelesi anati mwanayo amukonda, ndi waulemu, akanakhala ndi mdzukulu wamkazi wosakwatiwa akanamupatsa tsiku lomwelo. Koma makiyi a nkhokwe ayi. Anati kompyuta tikhoza kumuphunzitsa Aziza mwezi umodzi, koma kukana agogo ako kulibe sukulu yake.

Anakokana kwa nthawi ndithu. Kenako bambo Yasini anavula magalasi n'kundiyang'ana. Anati, a manijala, amene muzigwira naye ntchito tsiku ndi tsiku ndinu. Ifenso tili ndi ana a alongo athu, tikudziwa katundu amene mwasenza. Mukatchula dzina la mwana wanu, palibe amene adzakuneneni, mapepala ake akukuikirani kumbuyo.

Ndinakumbukira inu mukusiya sukulu Fomu 2 kuti ine ndipitirize. Ndinakumbukira mukundiperekeza pa siteji tsiku limene ndinkapita ku yunivesite, mutasenza chikwama changa pamutu ngati ndine mlendo wolemekezeka. Ndinadzifunsa kuti ndine yani ine, munthu amene ndimalephera ngakhale kubweza ndiwo zolakwika ku lesitilanti, kuti ndikanize mlongo amene anandilera. Ndipo ndinaona kuti zimene Layson anachita pa sikelo paja ndi zomwe ine ndinachita pa foni mu Epulo. Anatengera kwa ine.

Ndinati Aziza.

Mawu anatuluka aang'ono, moti bambo Yasini anati sanamve. Ndinabwereza.

Achemwali, pa zambiri zimene ndachita m'moyo ndimakayika. Ndimabwerera kunyumba n'kumadzifunsa ngati ndinayankhula bwino, ngati sindinakhumudwitse munthu. Pa ichi chokha ndafufuza mumtima mwanga masabata atatu ndipo kukayika sindinakupeze. Atandibwezera tsiku lija ndikhoza kutchulanso dzina lomwelo. Chimene ndikuchita nacho manyazi ndi chakuti mutamva nkhaniyi munandiimbira kasanu ndi kawiri, ine n'kumangoyang'ana foni ikulira. Mundikhululukire pa chimenecho.

Layson ndinakamuuza ndekha zotsatira za intaviyu m'mawa mwake. Ndinamupeza akukonza tcheni cha njinga pakhonde panu. Anamvetsera osadzutsa mutu, n'kunena kuti zikomo amalume. Masiku khumi sanaponde kwathu. A Tina ankamutumizira chakudya, mbale zinkabwerera zosatsegula.

Tsiku la khumi ndi chimodzi anabwera kuchigayo nthawi ya nkhomaliro. Ndinkayembekeza kuti andinyoza, ndipo ndinali wokonzeka. Koma anakhala pa thumba n'kunena modekha. Anati, amalume, amayi anandiuza kuti inu mwati muona. Ndiye ine sindinakonzekere kalikonse, ndinangosita suti. Mukanandiuza poyera kuti kumeneko mulibe mwana, ndikanabwera ngati anzanga aja. Anatinso mpunga uja anadziwa kuti ndi wonyowa, koma ataona ine nditaima pamenepo anaganiza kuti zikavuta amalume akonza, monga anakonzera kalata.

Ndinamuuza kuti akunena zoona, ndipo ndinamupepesa. Malume kupepesa mwana wa mlongo wake, mwina simunamvepo, koma zinachitika kuchigayo anthu akuona.

Tsopano mumve zimene tayamba. Nthawi yokolola timalemba anthu aganyu othandiza pa sikelo. Ndinakapempha komiti poyera, pamsonkhano, kuti Layson akhale mmodzi wa iwo, ndipo anavomera. Bwana wake ndi Aziza. Nditamuuza zimenezo sizinamukomere, koma m'mawa mwake anafika hafu pasiti sikisi, atavala ovolosi yanga yakale. Madzulo aliwonse tikaweruka timakhala pakhonde. Ine ndimakhala wofunsa, iye wofuna ntchito. Ndimamufunsa chimene amatha kuchita, ndipo akayamba kutchula mayina a sukulu ndimamuimitsa, ndimati tiuze chimene unachitapo ndi manja ako. Ndimamufunsa za tsiku limene analakwitsa. Tsopano yankho ali nalo, ndipo amalifotokoza bwino.

Lachisanu lapitali kunabwera mkulu wina wa kutchalitchi kwathu, amene anamuphunzitsa Layson katekisimu, ndi matumba awiri osauma. Aziza anali m'kati mwa nkhokwe. Ine ndinaona pawindo ndipo ndinadziletsa kutuluka. Layson analuma, anachita chibwibwi, thukuta linatuluka ngati wachita kuthamanga kuchokera ku Dwangwa. Koma anawabweza, n'kuwanyamulira matumbawo kukafika pa lona. Atachoka anakabisala kuseri kwa chigayo kwa mphindi zingapo. Lero titatuluka m'tchalitchi mkuluyo anandiimitsa n'kundiuza kuti mwana wa mlongo wanu uja wayamba kunyada. Sindinasangalalepo ndi chidandaulo ngati lero.

Ku Dwangwa kuli kampani ina yogulitsa mbewu imene ikufuna woyang'anira sitolo. Makalata atseka pa 21 mwezi uno. Kumeneko palibe amene amandidziwa, ndipo dzina langa sililowa paliponse. Kalata yake tailemba katatu, yekha akugwira cholembera. Poyamba anawerenga chidziwitso chawo mzere ndi mzere, n'kuyankha chilichonse chimene apempha. Pa anthu awiri omuchitira umboni walemba mphunzitsi wake wa ku koleji ndi mayi Enelesi. Anapita yekha kunyumba kwawo kukawapempha. Akuti anamuseka kaye mpaka misozi, kenako anati amuona kaye mpaka pa 20, akapitiriza mmene wayambiramu asaina.

Koma dzulo anafunsa a Tina kuti fomu ya pasipoti imatengedwa kuti. Uthenga wanu unamufika. Munamuuzanso kuti ntchito ija inali yake, anachita kumulanda, ndipo malume wake anagulitsa magazi ake kwa anthu akunja. Ndikumvetsa chifukwa chake munatero. Muli kutali, mwana wanu analira pa foni, ndipo ine amene ndikanafotokoza ndinabisala. Koma ndaona mmene mawuwo amubwezera m'mbuyo. Dzulo pa sikelo ankangogwira ntchito ngati munthu amene wanyamuka kale.

Sindikunyoza Joni. Kwatidyetsa tonse. Koma inu nomwe munandiuza mmene anyamata opanda mapepala amakhalira kumeneko, kugona asanu m'chipinda chimodzi, kuthawa akaona galimoto ya apolisi. Ndipo akapita ali ndi maganizo oti analandidwa, adzakapeza bwana wina kumeneko, adzakumana ndi thumba lina losauma, ndipo sikudzakhala malume woti amuuze.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ndipatseni mwanayu mpaka kukolola kuthe mu Ogasiti. Sindikulonjeza kuti ku Dwangwa akamutenga. Akakamukana tidzalemba kwina, ndipo ndidzakhala naye pakhonde paja mpaka atapeza. Umalume umene ndingathe ndi umenewo, ndipo sindiusiya.

Ngati mwakwiya, kwiyirani ine, ndilandira. Koma akakuimbirani Lamlungu likudzali, musamuuzenso kuti anamulanda. Muuzeni kuti analephera, ndipo kuti akhoza kukhoza. Kwa ine wamva kale. Akudikira kumva kwa amayi ake, ndipo zimene munene inu ndi zimene akhulupirire.

Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu pa ntchito, ndipo mwendowo auchize. Mundiperekere moni kwa a Rahila amene mumakhala nawo, ndi onse a kwathu kuno amene mumakumana nawo kutchalitchi. A Tina ndi ana akuti moni wambiri. Aika kathumba ka Kilombero wa chaka chino m'katundu wa a Joshua, mukalandire.

Ndine mlongo wanu,
Edmund